Tinawaikira Linux, mwezi usanathe anabwerera ku Windows. Tikulakwitsa pati?

Funso

Ndife achinyamata asanu a ku Area 25 ndi Area 49, tonse tinaphunzirako za makompyuta. Chaka chino tinayamba kagulu kolimbikitsa anthu kugwiritsa ntchito Linux ndi mapulogalamu ena aulere. Loweruka lina tinaitana anthu ndipo tinaika Ubuntu, womwe ndi mtundu wina wa Linux, m'malaputopu asanu ndi awiri. Mwezi usanathe, eni ake asanu anali atapita kale kwa okonza makompyuta ku Old Town kukabwezeretsa Windows, ndipo mmodzi satiyankhanso moni. Pagulu lathu la WhatsApp tilipo oposa 60, koma tsiku lokumana timapezeka ife tomwe asanu. Kodi anthu a ku Lilongwe sakuzifuna zimenezi, kapena ndife tikulakwitsa? Anzanga ena ayamba kugwa mphwayi.

Yankho

Achimwene, musagwe mphwayi msanga. Mwa asanu ndi awiri atsala awiri, ndipo kwa ine amene ndinayamba zimenezi nthawi yomwe Canonical, kampani yopanga Ubuntu, inkatumiza ma CD a Ubuntu pa positi, isanasiye mu 2011, awiriwo ndi phindu. Koma funso lanu lachiwiri ndiliyankha mosapsatira mawu. Inde mukulakwitsa, ndipo ndi kulakwitsa komwe tonse tinadutsamo: mwayambira kumapeto. Kufufuta Windows m'kompyuta ya munthu n'kuikamo Linux ndi ukwati, tsono inu mwafikira kuphika za ukwati musanafunsire n'komwe mbeta.

Tiyambe ndi liwu lomwe mwalemba m'funso lanu, lakuti "aulere". Liwu limeneli muno mu Lilongwe silikopa munthu. Lowani m'timashopu ta ku Old Town mugule laputopu yakale yochokera kunja. Mukaiyatsa mupeza muli kale Windows, muli Word ndi Excel, mwinanso Photoshop ndi CorelDRAW, ndipo palibe wakuuzani za layisensi. Kawirikawiri imakhala Windows yolowera pawindo, koma kwa mwini wake ndi yaulere basi. Ndiye inu mukaima n'kumati bwerani kuno kuli zaulere, iye mumtima akuti, kodi iyi ndili nayoyi ndinalipira zingati? Mwamulonjeza chomwe ali nacho kale, n'kumuwonjezera ntchito yophunzira zachilendo.

Chingerezi chili ndi vuto lakuti liwu limodzi, free, limanyamula matanthauzo awiri, ndipo eni ake akhala akulimbana nalo kwa zaka zambiri. Ife tili ndi mawu awiri osiyana, ulere ndi ufulu, tsono tisatengere chisokonezo cha eni. Richard Stallman atalengeza ntchito ya GNU, yolemba mapulogalamu aufulu, mu 1983, nkhani yake sinali ya mtengo. Ankanena za ufulu wa mwini kompyuta: kugwiritsa ntchito pulogalamu mmene akufunira, kuona mmene inalembedwera n'kuisintha, kugawira mnzake, ndi kugawanso zomwe wasinthazo. Layisensi ya GPL, yomwe inatuluka mu 1989, inalembedwa kuti ufuluwo wina asadzaulande panjira. Linus Torvalds, wophunzira wa ku Helsinki, anayamba kulemba Linux mu 1991, n'kuiika pansi pa layisensi yomweyo chaka chotsatira. Dzina lakuti open source linabwera mochedwa, mu 1998, pofuna kunyengerera amakampani omwe ankachita mantha ndi liwu lija la free. Ine ndikamafotokozera akuluakulu ndimangotchula chimanga cha makolo. Ukakolola umasankha chonenepa n'kusunga mbewu, mnansi akapempha umamugawira, palibe wokufunsa risiti. Cha haibulidi chimabereka bwino ndithu, sindikuchinyoza, koma chaka ndi chaka umabwerera kusitolo.

Komabe mawu amenewa ndi chakudya chanu inu eni gulu, kuti mudziwe chomwe mukuvutikira. Mlendo sabwera chifukwa cha chiphunzitso. Amabwera chifukwa laputopu ikuyaka ngati ikudzuka ku maliro, kapena fulashi yake yachokera kokasindikiza mafoda onse atasanduka ma shortcut, kapena bandulo yomwe wagula m'mawa yatha masana ndi ma update omwe sanawapemphe, kapena mawu akuti Activate Windows akuoneka pakhoma la tchalitchi pamene akuonetsa nyimbo. Yambirani pamenepo. Za fulashi zija, mwachitsanzo, ndi ulaliki wokwanira pawokha. Vayirasi imeneyo imabisa mafoda enieni n'kuika zoyerekeza m'malo mwake, koma imayenda pa Windows yokha. Mukailowetsa fulashiyo pa Linux, mafoda obisikawo amaoneka poyera, mumachotsa zinyalala n'kumubwezera munthu ntchito yake yonse m'mphindi zisanu. Munthu amene mwamupulumutsira mafayilo motero safuna kumunyengerera. Amafunsa yekha kuti kodi chimenechi n'chiyani.

Tsono tione chomwe chinathamangitsa asanu aja. Sindinawaone, koma ndikhoza kulosera kuti sanathawe Loweruka. Anathawa Lolemba, inu kulibe. Wina analowa mu ofesi n'kupeza pirinta siikumva. Mapirinta ambiri a HP amagwira okha pa Linux, atsopano ambiri nawonso safuna chilichonse, koma ena akale monga Canon LBP2900, yomwe yadzaza m'malo osindikizira, amafuna driver (kapulogalamu koyendetsa chipangizo) yawoyawo yotchedwa CAPT, ndipo mlendo sangaiike yekha. Wina analemba kalata yofunsira ntchito mu LibreOffice Writer, yomwe imagwira ntchito ya Word, n'kuitumiza ili .odt m'malo mwa .docx ya Word, wolandira n'kumuyankha kuti sikutseguka bwino. Wina anatsegula lipoti lake la Word n'kupeza masamba asuntha, tebulo laduka pakati, chifukwa zilembo za Calibri ndi Cambria mulibe. Wina Wi-Fi inangoti zii chifukwa laputopu yake ili ndi kachipangizo ka Broadcom. Zonsezi ndi zazing'ono kwa inu. Pali zilembo za Carlito ndi Caladea zomwe zinapangidwa mulingo wofanana ndi Calibri ndi Cambria, mumangoziika masamba n'kubwerera m'malo. LibreOffice mumaiuza kamodzi kuti izisunga .docx, ndipo mumamuphunzitsa munthu kuti chopita kwa abwana chizipita chili PDF. Za Broadcom mumalumikiza foni ndi chingwe, n'kutsitsa driver. Koma munthu ali yekha, abwana akudikira lipoti ndi 10 koloko, sangakhale pansi n'kumafufuza. Akwera minibasi kupita kwa wokonza makompyuta.

Ndipo wokonzayo mankhwala ake ndi amodzi: kufomata. Sindikumunyoza, ndi mmene amapezera ndiwo, ndipo sanaphunzitsidwepo zina. Akaona sikirini yachilendo amati "akuwonongerani ameneyo", n'kutulutsa fulashi yake ya Windows. Ngati gulu lanu lingachite chinthu chimodzi chanzeru chaka chino, likhale kupalana ubwenzi ndi okonza makompyuta awiri kapena atatu. Apatseni fulashi ya Linux, aonetseni mmene angapulumutsire mafayilo a kasitomala pa kompyuta yomwe Windows yakana kuyaka. Imeneyo ndi ndalama kwa iwo. Akaona phindu lake, adzasiya kukhala ophwasula zomwe inu mwamanga.

Ndondomeko yomwe ine ndimatsata tsopano ndi yochedwa, ndipo achinyamata ambiri imawatopetsa. Sindiyamba ndi Linux ayi. Ndimayamba ndi mapulogalamu aufulu pa Windows yake yomweyo. VLC ambiri ali nayo kale osadziwa kuti ndi ya m'banja lathu. Ndimawonjezera Firefox ndi LibreOffice. Wophunzira wa ku Bunda amene akulemba kafukufuku ndimamupatsa Zotero yosungira mabuku omwe wawerenga, ndi jamovi kapena R zosanthulira ziwerengero m'malo mwa SPSS yobera. Wa mapu ndimamupatsa QGIS, wa kwaya Audacity, wa zikwangwani Inkscape ndi GIMP. Akhale nazo miyezi iwiri kapena itatu. Akazolowera, tsiku losamuka limakhala lopepuka, chifukwa nyumba ndi yatsopano koma mipando ndi yomwe ija. Kenako ndimamuyatsira Linux kuchokera pa fulashi, osakhudza chilichonse pa hard disk. Pamenepo ndi pamene timayesa Wi-Fi, mawu, kamera, pirinta yake yeniyeniyo, ndi mafayilo ake enieniwo. Zikayenda, ndiye tikambe zoika.

Ndipo pali ena omwe muyenera kuwakaniza, ngakhale atapempha okha. Wowerengera ndalama amene ofesi yake yonse ili pa Sage kapena QuickBooks, musiyeni. Wojambula mapulani a nyumba pa AutoCAD, musiyeni. FreeCAD ndi LibreCAD zilipo koma si chinthu chimodzi. Wosindikiza amene makasitomala ake amabwera ndi mafayilo a CorelDRAW tsiku ndi tsiku, musiyeni. Wophunzira amene watsala ndi milungu itatu kuti apereke ntchito yake yomaliza, muuzeni adzabwere akamaliza. Kunena zoona pa zomwe Linux singachite kumakugulirani chikhulupiriro choposa maulaliki khumi.

Amene ali anu enieni ndi eni makina akale, ndipo nthawi ino ikukukomerani. Chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 chinatha pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna kachipangizo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, kwa Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu. Malaputopu omwe adzaza m'nyumba ndi m'masukulu muno, a mtundu wa HP EliteBook 840 G3, ThinkPad T460, Dell Latitude E6430, onsewo ali kunja kwa mpanda, chikhalirecho ndi makina olimba omwe angagwire ntchito zaka zina zambiri. Eni ake ali ndi funso lenileni lofuna yankho, ndipo yankholo muli nalo ndinu.

Pa zakuti muike Linux iti, ndili ndi maganizo anga, ena atsutsa. Ubuntu ndimailemekeza. Anaiyambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, ndipo dzina lakelo ndi umunthu wathu womwewu. Koma kwa mlendo wa kuno ndimasankha Linux Mint. Maonekedwe ake ali ngati omwe anazolowera, batani la menyu lili pansi kumanzere. Fayilo yake yoikira ndi pafupifupi 3 GB pamene ya Ubuntu 24.04 ili pafupifupi 6 GB. Chachikulu kwa munthu wa bandulo n'chakuti Mint imakuuza kuti kwabwera ma update n'kudikira kuti uvomere, pamene mapulogalamu ena a mu Ubuntu, otchedwa snap, amadzitsitsira okha ma update. Kompyuta ya RAM ya 4 GB kapena kuchepera ipatseni Mint ya Xfce, yomwe ndi yopepuka. Zakale kwambiri za 32-bit, Mint ndi Ubuntu anazisiya kalekale, ndipo Debian, mtundu winanso wa Linux, nayo inasiya kutulutsa choikira cha makina amenewa pa Debian 13 mu 2025. Kumeneko kwatsala zonga antiX. Koma chofunika kuposa dzina ndi ichi: gulu lonse ligwirizane pa imodzi. Ngati inu mumaika Mint, mnzanu Fedora, wina Arch chifukwa akufuna kuonetsa ukatswiri, mlendo akavutika adzasowa womuthandiza. Mikangano yakuti iti ndi yabwino muzikachitira kwanu, alendo atapita.

Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira, kuti inu zisakuchitikireni. Mayi wina amene ankachita digiri yake ali pantchito anabwera ndi laputopu yodzaza mavayirasi. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, mwasunga zonse?" Anati, "Eya, zonse ndasunga." Ndinadina pomwe palembedwa Erase disk and install, tikucheza, tikuseka. Titamaliza anafunsa mofatsa kuti, "Nanga D ili pati?" Kusunga komwe ankanena kunali kusamutsa mafayilo kuchoka pa C kupita pa D, monga anawaphunzitsira wokonza makompyuta wawo, osadziwa kuti C ndi D ndi zipinda ziwiri za nyumba imodzi, ndipo ine ndinali nditagwetsa nyumba yonse. Machaputala anayi a kafukufuku, zithunzi za ukwati wa mwana wawo, zonse. Ndinakhala usiku utatu ndi PhotoRec, yomwe imatola mafayilo ofufutika koma opanda mayina awo, zikwizikwi, n'kumatsegula imodzi imodzi. Machaputala atatu ndinawapeza. Lachinayi analemba kachiwiri. Anandikhululukira ndi pakamwa, koma pepani sapoletsa chilonda, ndipo mpaka lero akamva liwu lakuti Linux amasintha nkhani. Kuyambira tsiku limenelo sindifunsanso kuti mwasunga. Ndimati, "Ndionetseni." Mafayilo ndiwaone ndi maso anga ali pa hard disk yakunja kapena pa fulashi, titsegule awiri atatu pa kompyuta ina, ndiyeno tiyambe.

Tsiku loika lili ndi zake zina. Musadalire intaneti ya pamalopo. Tsitsani zonse kusanache n'kuziika pa fulashi ya Ventoy, yomwe imanyamula ma ISO (mafayilo oikira Linux) angapo nthawi imodzi. Malaputopu akale mabatire ake anafa, ndiye magetsi akazima muli pakati poika, mwatsala ndi kompyuta yopanda Windows yopandanso Linux. Pezani malo a sola kapena jenereta, kapena yambani ndi okhala ndi batire yamoyo. Dziwani mabatani oyatsira pa fulashi: F9 pa HP, F12 pa Dell ndi Lenovo. Ngati munthu akufuna zonse ziwiri pa kompyuta imodzi, onani kaye mu Windows ngati BitLocker, yomwe imakhoma hard disk, ili yoyatsa n'kusunga kiyi yake, muzimitsenso Fast Startup. Ndipo muchenjezeni za wotchi. Linux imasunga nthawi ya UTC, yomwe maiko onse amawerengerapo nthawi yawo, pamene Windows imasunga ya kwanuko, ndiye popeza Malawi ali patsogolo ndi maola awiri, akabwerera ku Windows apeza wotchi yatsalira maola awiri. Lamulo limodzi la timedatectl limakonza zimenezo, koma mukapanda kumuuza adzati mwamuwonongera kompyuta. Asanachoke, mulembereni papepala pasiwedi yake, dzina la amene azimuimbira, ndi tsiku lomwe mudzakumanenso. Lachitatu muimbireni ndinu, musadikire iye. Ambiri amachita manyazi kunena kuti zawakanika.

Pachifukwa chimenechi, asanu ndi awiri pa tsiku limodzi anachuluka. Muli asanu. Aliyense atenge munthu mmodzi, akhale wake kwa mwezi wathunthu. Kuika ndi ntchito ya mphindi makumi atatu, koma kulera ndi kwa milungu inayi.

Tibwere ku anthu 60 a pa WhatsApp. Amenewo si mamembala, ndi oonerera, ndipo palibe cholakwika. Kulowa pagulu la pafoni sikulira thiransipoti. Komanso mzinda wathu uno unaleredwa ndi misonkhano ya mabungwe, komwe munthu akaitanidwa ku "maphunziro" amayembekeza alawansi, nkhomaliro ndi satifiketi. Mukalemba kuti Linux training, ena abwera ndi chiyembekezo chimenecho n'kubwerera okhumudwa, ena sabwera chifukwa amva kuti kulibe. Tchulani msonkhano ndi dzina la vuto lomwe ukuthetsa. Nenani kuti Loweruka kuli chipatala cha makompyuta ndi mafulashi, bwerani ndi yodwala. Nenani kuti tiphunzira kulemba CV ndi kuisandutsa PDF, kapena kupanga fomu ya kafukufuku pa KoboToolbox. Nenaninso poyera kuti kulibe alawansi, aliyense abwere ndi ekisitenshoni ngati ali nayo.

Tengerani nzeru kwa amayi a banki m'khonde. Tsiku lawo ndi lomwelo, malo ndi omwewo, kugwe mvula kuwale dzuwa, abwere ambiri abwere ochepa. Sankhani Loweruka limodzi pamwezi ndipo musalisunthe. Mukabwera asanu nokha, khalani pansi muphunzitsane, mujambule chithunzi, muike pagulu paja. Pofika mwezi wachinayi oonerera aja amayamba kukhulupirira kuti zinthuzi zilipodi. Malo akhale apafupi ndi anthu anu. Wa ku Area 25 kumuitanira ku City Centre ndi kumulipiritsa minibasi kupita ndi kubwera. Funsani sukulu ya m'dera lanu yomwe ili ndi chipinda cha makompyuta, muwakonzere makina awo akufa, iwo akubwerekeni chipinda. Holo ya tchalitchi kapena ya mzikiti nayo ikwanira. Pa zochitika zazikulu mutha kukagogoda ku malo a zaukadaulo ngati mHub, yomwe anayambitsa Rachel Sibande muno mu Lilongwe, kapena ku National Library. Koma musathamangire kusankha wapampando, wachiwiri wake, mlembi, msungichuma ndi kulemba malamulo a gulu. Ndaona magulu akufa ali ndi komiti yathunthu asanakonze kompyuta ngakhale imodzi. Maudindo adzabwere ntchito ikawaitana.

Chomwe chimathamangitsa alendo kwambiri, kuposa pirinta, ndife akatswiri. Timakonda kulanda kiyibodi. Munthu wafunsa mmene angaikire pulogalamu, ife tamukankha pang'ono, tatsegula terminal yakuda bii, talemba mizere isanu mothamanga, n'kunena kuti zatheka. Iye waphunzira chinthu chimodzi chokha: kuti zimenezi ndi za anthu anzeru, iye sangathe. Ikani lamulo lakuti wothandiza manja ake akhale kumbuyo. Mwini kompyuta ndiye adine, ngakhale zichedwe. Muonetseni Software Manager, terminal idzabwera akadzaifuna yekha. Lankhulani Chichewa, chosakaniza ndi Chingerezi monga timalankhulira tonse, osati Chingerezi cha m'buku choopsezera. Funso lililonse liyankhidwe ngati ndi loyamba kulimva, ndipo wonena kuti "kasakeni pa Google" adzudzulidwe. Mwanena kuti muli asanu. Ngati pakati panu pali mtsikana, asakhale wolemba mayina ndi wogula zakumwa. Aime kutsogolo aphunzitse, chifukwa atsikana ena akalowa m'chipinda n'kuona anyamata okhaokha atazungulira laputopu, sabweranso kachiwiri. Ndipo amene munamuthandiza mwezi watha, mwezi uno mumukhazike pambali pa mlendo watsopano. Iye akukumbukirabe pomwe panamuvuta, pamene inu munaiwala kalekale.

Mwafunsa ngati anthu a ku Lilongwe sakuzifuna zimenezi. Akuzigwiritsa ntchito kale, kungoti palibe anawauza. Foni iliyonse ya Android ili ndi Linux m'kati. Kapepala ka mizeremizere komwe amamata pa buku la kuchipatala kanayamba ndi ntchito ya Baobab Health, yomwe inayambira pa Kamuzu Central Hospital kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo makina ake odina pasikirini anamangidwa pa mapulogalamu aufulu, ambiri mwa olemba ake ali Amalawi. Ziwerengero za zipatala za m'dziko muno Unduna wa Zaumoyo umazisonkhanitsa pa DHIS2, pulogalamu yaufulu yomwe amaiyang'anira ku University of Oslo. Achinyamata omwe amayenda ndi matabuleti m'midzi kufunsa mafunso a mabungwe amagwiritsa ntchito ODK kapena KoboToolbox. Ophunzira a m'makoleji ena amalandira ntchito zawo pa Moodle. Mukamuuza mnyamata wongomaliza sukulu kuti Linux, Git, QGIS ndi DHIS2 ndi zinthu zomwe olemba ntchito muno amafunsa, makutu ake amaima kuposa mukamuuza za Stallman. Si manyazi kukopa anthu ndi nkhani ya ntchito. Ufulu adzaumvetsa ali m'kati.

Pomwe gulu limakhwimira ndi pamene lasiya kungolandira n'kuyamba kuperekako, ndipo izi sizifuna kudziwa kulemba khodi. OpenStreetMap, mapu omwe aliyense angawonjezerepo, alipo kuyambira 2004. Mu 2014 anthu ongodzipereka pamodzi ndi ogwira ntchito m'boma anaika pa mapuwo midzi ndi misewu ya ku Chikwawa ndi Nsanje pokonzekera madzi osefukira, ndipo mu Januwale 2015 madziwo anabweradi. Inu mutha kutuluka Loweruka limodzi ndi mafoni, n'kuika mijigo, makiyosiki a madzi, zigayo, masukulu ndi zipatala za mu Area 25. Munthu akaona chigayo cha kwawo chaoneka pa mapu a dziko lonse chifukwa cha dzanja lake, wagwidwa. Wikipedia ya Chichewa ilipo koma ndi yowonda, ikusowa olemba. Mapulogalamu ambiri akudikira owamasulira. Apa ndiwonjezere kanthu kakang'ono komwe kamasangalatsa aphunzitsi a Chichewa: pa Linux, m'mapulogalamu ambiri, mukadina Ctrl, Shift ndi U pamodzi, n'kulemba 0175 ndi kudina Enter, mumapeza chilembo cha ŵ cha mu Malaŵi, chomwe ambiri amachisowa pa kiyibodi. Ku sukulu zopanda intaneti, Kiwix imanyamula Wikipedia yonse pa hard disk, ana n'kumawerenga popanda bandulo. Ndipo ngati mukufuna tsiku limodzi lalikulu pachaka, Software Freedom Day, tsiku lokondwerera mapulogalamu aufulu lomwe linayamba mu 2004, imachitika Loweruka lachitatu la Sepitembala m'maiko ambiri. Koma likhale chikondwerero cha ntchito yomwe mwagwira miyezi yonse, osati ntchito yokhayo.

Za asanu anabwerera aja, musawaone ngati ogwa m'chikhulupiriro. Apiteni mmodzi mmodzi, osati kukawabweza, koma kukafunsa kuti chinavuta n'chiyani, ndipo mulembe mayankho awo m'kope. Kope limenelo ndilo silabasi yanu ya miyezi ikubwerayi. Mukatero muwapemphe kuti muwaikire Firefox, VLC ndi LibreOffice pa Windows yawo yatsopanoyo, ndipo muwauze kuti fulashi ikadzagwidwa ndi vayirasi abwere nayo. Uyo sakuyankhani moniyo ndikuganiza kuti anataya kanthu, mwina mafayilo, mwina ndalama yomwe analipira kwa wokonza. Kwa ameneyo musatumize uthenga wa pafoni. Pitani awiri kunyumba kwake, mufunse chomwe chinatayika, ndipo ngati ndi ndalama, sonkhani asanu nonse mumubwezere.